Thambo la eni pa nyanja ya Gustave Le Gray

Aliyense amene anaimapo pa mchenga wa ku Senga Bay m'mamawa, kamera ili m'manja, akulidziwa vuto lake. Maso akuona zonse: dzuwa likutuluka kutsidya, mitambo yofiira, asodzi akukokera bwato kumtunda, ngakhale zigamba za pa malaya awo. Koma chithunzi chikatuluka, mwina thambo layera mbee ngati pepala, apo ayi thambo lakongola koma asodzi aja asanduka makala. Kamera siitha kusenza kuwala kochuluka ndi mdima wochuluka nthawi imodzi monga achitira maso a munthu. Ukasamala kumwamba, pansi pada bii. Ukasamala pansi, kumwamba kwapsa.

Vutoli si la lero ayi. Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana nalo mpaka kutchuka anali Gustave Le Gray wa ku France, yemwe anabadwa mu 1820 ndipo anaphunzira kujambula ndi utoto asanagwire kamera. M'zaka za 1856 ndi 1857 iyeyu anajambula nyanja ku Normandy ndiponso ku Sète, doko la kum'mwera kwa France, pa nyanja ya Mediterranean. Masiku amenewo kunalibe filimu. Wojambula ankapaka mankhwala otchedwa collodion pa galasi, ndipo ankayenera kujambula ndi kutsuka galasilo lisanaume, m'mphindi zochepa chabe. Mankhwalawo ankamva msanga kuwala kwa mtundu wa buluu, tsono pofika nthawi yoti miyala ndi madzi zioneke bwino, thambo linali litapsa kale. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zilibe mitambo; kumwamba kuli mbee basi.

Chithunzi chake chotchuka koposa ndi La Grande Vague, kutanthauza funde lalikulu, chimene anajambula ku Sète mu 1857. Kukula kwake ndi pafupifupi masentimita 34 ndi 41. Pafupi pali miyala yakuda, funde likuswekera pa miyalayo, thovu lake litachita kachimbuuzi pang'ono kaamba ka liwiro la madzi. Chapatali pali khoma la padoko lotchinga mafunde, ndipo pamwamba pa zonsezi pali mitambo yolemera ngati ya mvula. Funde ndi mtambo pa pepala limodzi! Anthu a nthawi imeneyo anagwira pakamwa.

Chinsinsi chake chinali chakuti magalasi anali awiri. Lina analijambulira madzi, lina analijambulira thambo, lililonse kulipatsa nthawi yoyenera kuwala kwake. Kenaka potsuka anasindikiza magalasi onse awiri pa pepala limodzi, kulumikiza pa mzere umene thambo limakumana ndi madzi. Mzere umenewo ndi woongoka, ndiye msoko subvuta kubisa. Zimene ojambula a lero amachita pa kompyuta, kuphatikiza chithunzi chowala ndi chakuda kuti apeze chimodzi, gwero lake ndi lomweli.

Pa luso lokhalo ine ndilibe mlandu ndi Le Gray, ndipo amene amati kuphatikiza zithunzi ndi bodza sindigwirizana nawo. Bodza lalikulu ndi thambo loyera mbee lija, poti munthu amene anaima pa gombe tsiku limenelo sanaone thambo lopanda kanthu. Ngati galasi limodzi lalephera kunena zimene maso anaona, kubweretsa lachiwiri kuti lichitire umboni si kunama, ndi kumaliza nkhani. Paja mutu umodzi susenza denga.

Koma nkhani siinathere pamenepo. Akatswiri amene anadzaika zithunzi zake za nyanja pamodzi n'kuzifananiza anapeza kuti mitambo ina ndi yomweyomweyo pa zithunzi zosiyana, zojambulidwa pa malo osiyana. Ndiye kuti mkuluyu akapeza thambo lomusangalatsa ankalisunga, n'kumalibwereketsa kwa nyanja iliyonse imene yasowa mitambo yabwino. Izi sanazilengeze kwa ogula. Apa ndiye pamene ndikusiyana naye. Kutenga thambo la ola lomwelo, pa malo omwewo, ndi chinthu china. Kutenga thambo la tsiku lina n'kulisomeka pa nyanja ina ndi chinthu chinanso. Choyambacho ndi kuthandiza mboni yachibwibwi kuti imalize mawu. Chachiwiricho ndi kuitana mboni imene kunalibe.

Ena anganene kuti munthuyu anali mmisiri wa zokongola, sanali mtolankhani, ndipo wojambula ndi utoto palibe amene amamufunsa kuti mtambo wake anautenga kuti. N'zoona ndithu. Koma chimene chinadabwitsa anthu ku London ndi ku Paris sichinali kukongola kokha. Chinali chikhulupiriro chakuti kamphindi kamodzi kagwidwa, funde ndi mtambo wake pamodzi, monga zinalili. Chithunzi cha kamera chimadya chikhulupiriro chimene chojambula ndi utoto sichipempha n'komwe. Ukalandira ulemu wa mboni, usadzati pambuyo pake ndimangocheza.

Chonsecho, ndikaziyang'ana zithunzi za Le Gray ndimagonja, ndipo ndayesa kudzifunsa chifukwa chake. Yankho ndi mdima. Ngakhale anali ndi magalasi awiri, munthuyu sanafune kuonetsa chilichonse. Miyala ya ku Sète anaisiya yakuda, khoma la padoko lakuda, ndipo kuda kumeneko ndi kumene kumachititsa thovu kuoneka loyera ndi funde kuoneka lolemera. Chithunzi china cha mu 1856, cha chombo cha matanga chili chokha pa madzi, anachidetsa kotero kuti chimatchedwa cha kuwala kwa mwezi, pamene chinajambulidwa dzuwa lili kumwamba. Iye ankadziwa kuti kuwala kulibe mphamvu ngati kulibe mdima woti kulimbane nawo.

Apa ndi pamene zidzukulu zake za pa kompyuta zimagwera m'mbuna. Njira ya lero ndi yosavuta: kamera amaiimika pa miyendo itatu kuti isagwedezeke, n'kujambula katatu kapena kuposa, china chakuda kuti thambo lisapse, china chapakati, china chowala kuti miyala ioneke. Kenaka mu Photoshop amazisanjikiza, n'kumafufuta mbali ya china kuti cha pansi chionekere. Mafoni ambiri amachita zimenezi okha, mwini wake osadziwa n'komwe. Poti zaphweka, anthu amafuna zonse: mtambo uliwonse uoneke, mwala uliwonse uoneke, ndere za pa mwala nazo zioneke. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zotsatira zake ndi zija timaziona pa makalendala ndi pa Facebook, nyanja yonyezimira ngati mbale ya pulasitiki, yopanda mthunzi, yoti sungadziwe ngati ndi m'mawa kapena madzulo.

Tsono inu awerengi, mukapatsidwa chithunzi cha nyanja kuti muchiweruze, yambani ndi mzere uja wa pakati pa thambo ndi madzi, ndiponso m'mphepete mwa miyala. Mukaona kamzere koyera kozungulira mwala ngati nkhata, dziwani kuti msoko wasokedwa mwamphwayi. Kachiwiri, yang'anani mafunde. Miyala imadikira, koma madzi sadikira munthu. Pakati pa kujambula koyamba ndi kachiwiri funde lasuntha kale. Wosasamala amatulutsa funde la mitu iwiri, kapena thovu loonekera miyala m'kati ngati mzukwa. Wodziwa ntchito amatenga madzi onse pa chithunzi chimodzi, zinazo n'kungotengako thambo ndi miyala.

Kachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, funsani ngati madzi ndi thambo zikugwirizana. Nyanja ndi kalilole wa thambo. Kuwala kwa mtambo pa madzi sikungapose kuwala kwa mtambo weniweniwo. Mukaona thambo lakuda ngati kukubwera chimvula, pansi madzi ali ngwee ngati masana a mu Okutobala, mwina wina wanyenga. Mukaona mitambo yofiira koma madzi osalandirako kufiirako ngakhale pang'ono, thambolo ndi la eni. Dzuwa likakhala kumanzere, mithunzi ya miyala ithawire kumanja. Msodzi wa ku Nkhotakota amene sanagwirepo kamera angathe kuzindikira zimenezi msanga kuposa ophunzira ambiri, poti moyo wake wonse amawerenga thambo pa madzi.

Kubwereka thambo kumene Le Gray ankachita mobisa, ndi manja, m'chipinda cha mdima, tsopano ndi batani chabe. Mu 2020 kampani ya Adobe inaika mu Photoshop chida chosinthira thambo, chobwera ndi mitambo yakeyake yoti munthu asankhepo. Ndiye kuti thambo limodzi lingathe kukhala pa nyanja zikwizikwi. Amene amataya pamenepa ndi wojambula woona mtima uja, amene anadzuka tambala woyamba masiku asanu kudikira mitambo, chifukwa akabwera nacho chithunzi chake anthu amangoti, "Aaa, za pa kompyuta izi." Bodza la mmodzi ladya umboni wa onse.

Mwini wake luso limeneli silinamulemeretse. Mu 1860 anachoka ku France atamira m'ngongole, nakwera chombo pamodzi ndi mlembi Alexandre Dumas, ndipo anakathera ku Egypt kumene ankaphunzitsa kujambula mpaka imfa yake ku Cairo mu 1884. Mu 1999 La Grande Vague inagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London pa mtengo woposa mapaundi 500,000, umene pa nthawiyo unali mtengo waukulu koposa wa chithunzi cha kamera pa okushoni.

Chiweruzo changa n'chakuti Le Gray timutsate pa ziwiri, timusiye pa chimodzi. Phatikizani zithunzi ngati kamera yalephera, palibe tchimo. Siyani mdima pamene panali mdima. Koma thambo likhale la tsiku lomwelo, ndipo ngati mwabwereka, lembani pansi pa chithunzicho kuti mwabwereka. Wobwereka poyera satchedwa mbala.