Mawu a Jim Reeves pa Mbale Yakuda

Agogo anga aamuna anabwera ndi galamafoni kuchokera ku Joni, ndipo mwa mbale zawo zonse, imene ankaipukuta mosamala ndi kansalu kofewa inali ya Jim Reeves. Singano ikangotera, mumayamba mwamva kaphokoso ngati ka nkhuni zothetheka pamoto, kenako mawu aja amatuluka, akuya, odekha, ngati munthu akukunong'onezani pakhonde madzulo.

Kunong'onako ndiye linali luso lake. Oyimba country ambiri nthawi imeneyo ankakweza mawu. Reeves anasendera pafupi ndi maikolofoni, milomo kutsala pang'ono kuikhudza, n'kuyimba motsitsa. Ku situdiyo ya RCA ku Nashville, Chet Atkins anachepetsa zoyimbira zaphokoso kuti mawuwo amveke bwinobwino. Mvetserani "He'll Have to Go", yojambulidwa mu 1959: piyano ikuyenda monyang'ama, ng'oma sizikuchita makani. Ine mpaka lero ndikaimva ndimasiya chimene ndikuchita.

Agogo ankakondanso Elvis Presley, amene anajambula nyimbo zake zoyamba kwa Sam Phillips ku Sun Studio, mumzinda wa Memphis, mu 1954. Nyimbo za Elvis zinali zovina achinyamata, fumbi koboo pabwalo. Koma Reeves anali wa kunyumba. Anafikako ku South Africa mu 1962.

Reeves anamwalira pa ngozi ya ndege pa 31 Julaye 1964. Mbale ija ndikadali nayo, ngakhale ili ndi mng'alu m'mphepete.