A Lilongwe, Osema Thanthwe Opanda Sompho

Lira mbalule, lira! Mpanje uvomere pansipansi, manja awombe, pakuti lero tikutamanda eni chigwa.

Ndinu a Lilongwe, mtsinje wathu, Obadwira ku Dzalanyama, kumene makolo amati kuli Kaphirintiwa, thanthwe losunga mapazi a anthu oyamba. Iwo anaponda mwala ukadali wofewa. Inu munaupeza utauma gwa, koma munaulemba ndithu. Osema opanda sompho! Olima pamwala opanda khasu! Gobani, agogo, gobani!

Ndinu Odzutsidwa ndi Chivomezi. Kale dziko lino linali chigonere ngati mphasa, inu mukuyenda mwachifatse m'madambo. Kenaka, zaka mamiliyoni zapitazo, nthaka ya kum'mawa kwa Africa inang'ambika. M'mbali munatukuka ngati mapewa, pakati panatitimira, madzi nadzazamo, n'kukhala Nyanja ya Malawi yozama mamita pafupifupi 700. Mzinda wathu wa Lilongwe unatsala pamwamba, mamita 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ili mmunsi ndi mamita oposa 500. Mtsetse umenewo ndiwo unakumeretsani mano. Ndipo nthaka sinagonebe: a ku Salima akukumbukira chivomezi cha mu 1989. Gobani, agogo, gobani!

Ndinu Mphero Yosagona, Osinja opanda munsi. Ndinaona ntchito yanu kumunsi kwa Chinsapo m'mwezi wa Okutobala, madzi ataphwa. Pathanthwe pomwe amayi amachapira panali dzenje lozungulira ngati mtondo, losalala ngati mkati mwa chikho. Nditapisamo dzanja ndinatulutsa nsangalabwi zitatu. Izo ndizo minsi yanu. Dzinja likafika mumazizunguza, zimapera, zimaboola, mwala wa zaka zoposa mamiliyoni 500 n'kusanduka mchenga. Mchengawo anyamata amauvuula ndi mafosholo, malole amautuma ku Area 25 ndi ku Area 23, ndipo pulasitala wa nyumba zathu ndi gaga wa mtondo wanu.

Ndinu Oyenda Chamtsogolo, Odya Chambuyo. Pomwe mukutsika mapiri kulowera ku Salima ndi pomwe mumaluma kwambiri. Mathithi amadya tsinde la thanthwe, mlomo wake umagumuka, mathithiwo n'kusendera kumtunda pang'onopang'ono, kulondola kumene madzi akuchokera. Zomwe mwagumula mumapatsira a Linthipe, iwo amakayala m'chigwa cha Salima, zotsala nakatula m'nyanja. Akulu anu a Shire akuchita zomwezo pa Kholombidzo, pa Nkula, pa Tedzani, pa Mpatamanga ndi pa Kapichira, ndipo kugwa kwa madzi awo ndiko kumayatsa babu ku Biwi.

Ndinu Osankha ngati mayi wopeta. Mwala wofumbwa munaukokolola, wouma mutu munausiya chiimire. Onani Bunda, onani Nkhoma, onani Ngwenya: ndi mboni zoti nthaka inali pamwamba kuposa pomwe tikuponda lero. Gobani, agogo, gobani!

Ndinu Mayi wa ana ambiri: Likuni, Lingadzi, Nankhaka wa ku Mgona, Mchesi wa ku Kawale. Tinakumangani m'chiuno ku Malingunde, damu loyamba mu 1966, lachiwiri mu 1989, ndipo simunatimane. Mwana wotsegula mpopi ku Kawale akumwa mvula ya ku Dzalanyama.

Koma ndinunso Osaiwala Khwawa. Tinadula mitengo kwanu n'kuotcha makala, tinaumba njerwa m'mphepete mwanu, tinamanga nyumba pogona panu. Mu 2017 Lingadzi analowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo chaka chisanathe madzi analiza maliro ku Kawale ndi ku Kaliyeka. Sikunali kulusa, munkangoyenda m'njira yomwe munasema mzinda uno usanakhale likulu mu 1975, munthu asanabzale chimanga, mbalule asanabadwe.

Tsono inu a ku Chinsapo, a ku Biwi, a ku Mgona, mukamawoloka mlatho wa matabwa pamsika, yang'anani pansi. Madzi ofiira katondowo ndi phiri likusamuka. Amene anaboola thanthwe sangalephere khoma la zidina. Apatseni njira, abwezereni mitengo yawo.

Tsika, mbalule. Mpanje, pumula. Mverani kuchigwako: agogo akusinjabe.