Kanema wa Nyimbo Wakale: Timuyese ndi Muyeso wa Nthano Zathu

Pali mtundu wina wa kanema umene anthu ophunzira ambiri aupeputsa, ndiwo kanema uja amene anthu ake, nkhani ili mkati, angoyamba kuimba ndi kuvina. Ife pano timutcha kanema wa nyimbo. Mlandu umene amuneneza nawo ndi wakuti ngwabodza. Iwo ati, kodi ndani amene ali pa ulendo, kapena ali pa mkangano ndi bwenzi lake, angaime pakati pa msewu ndi kuyamba nyimbo, odutsa onse namuvomereza monga anapangana dzulo? Funso limeneli likhoza kumveka lanzeru kwina, koma lidabwitsa likatuluka pakamwa pa mwana wa ku Ntcheu amene analeredwa ndi nthano za agogo ake. Chimene ndifuna kuonetsa m'nkhani ino ndi chakuti ife tili nawo kale muyeso woyesera makanema otere, ndi kuti mphunzitsi wa chinenero chathu akautaya muyesowo ataya chida chabwino chophunzitsira.

Tiyambe takumbukira mamangidwe a nthano. Wokamba akati "Padangokhala," omvera ayankha kuti "Tili tonse," ndipo nkhani iyenda ndi mawu wamba kufikira pamene zinthu zavuta. Mwana wamasiye akatayidwa m'dzenje ndi anzake ansanje, kapena kambalame kakaona munthu akupha mbale wake m'thengo, mawu wamba atha mphamvu, ndipo wokamba ayamba nyimbo. Nyimboyo ili ndi ntchito zitatu. Yoyamba, iulula zobisika zimene munthu sangathe kuzinena poyera. Yachiwiri, ikankha nkhani kuti ipite patsogolo, pakuti mfumu kapena makolo akaimva achitapo kanthu. Yachitatu, ilowetsa omvera m'nkhanimo, popeza iwo ndiwo avomera. Muchotse nyimbo m'nthano yotere, mudzaona kuti nthano yagwa monga nyumba yochotsedwa mzati. Tsono mafunso oyesera kanema wa nyimbo ndi omwewo: kodi nyimbo ikachotsedwa nkhani itsala yamphumphu? Kodi nyimboyo inena zoona za anthu oiimba? Kodi ikoka mtima wa woonera kuti naye avomere?

Makanema awa sanafike kwa anthu a kwathu ndi njira ya sukulu ai, koma ndi njira ya ulendo. Amuna ambiri a ku Ntcheu, monga a m'maboma ena a Nyasaland, anali kupita ku Joni ndi Wenela, ena ku Salisbury ndi Bulawayo. M'makomboni a migodi ya golide, mbusa wa ku America, Ray Phillips, anayamba kuonetsa bayisikopo m'zaka za m'ma 1920, ndipo yambiri inali ya akavalo ndi ya nthabwala. Kuno kwathu kunali galimoto zoyenda ndi kanema m'midzi, ndipo bungwe la Central African Film Unit, limene linagwira ntchito kuyambira 1948 kufikira 1963, linali kukonza makanema ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Makanema a nyimbo enieniwo anali kuoneka m'nyumba za kanema za m'mizinda, monga Odin ya ku Sophiatown, ndipo kuchokera kumeneko kaimbidwe kake, kavalidwe kake ndi kavinidwe kake zinafalikira pakati pa anthu akuda a m'mizinda ya kumwera.

Kanema wa nyimbo anabadwa pamodzi ndi kanema wolankhula. M'chaka cha 1927 kunatuluka The Jazz Singer, m'mene Al Jolson anamveka akuimba, chinthu chimene oonera ambiri anali asanachione. Koma tisabise kuti mzunguyo anadzipaka zakuda kumaso kuti aoneke ngati munthu wakuda, monga unalili mwambo wonyoza wa masewero a ku America masiku amenewo. Chomwecho mtundu uwu wa kanema unayamba ndi ngongole: unabwereka nyimbo za anthu akuda, eni ake nuwasiya kunja kwa bwalo. Ngongole imeneyi tidzaiona ikutsata makanema ena onse amene titchule.

Pa za kavinidwe, woyenera kumutchula ndi Fred Astaire, amene anavina ndi Ginger Rogers mu Top Hat m'chaka cha 1935. Iye anali kufuna kuti wojambula aonetse thupi lonse la wovina, kuyambira kumutu kufikira kuphazi, osaduladula chithunzi kawirikawiri. Mngoni aliyense adziwa kuti nzeru imeneyi njoona. Poonera ngoma ku Lizulu, munthu sayang'ana nkhope yokha ya wovina, kapena phazi lokha. Ayang'ana momwe phazi lomenya pansi ligwirizana ndi chishango, ndi chibonga, ndi mapewa, ndi mzere wonse wa amuna. Chimodzimodzi ndi msindo wa amayi. Gule woduladula ndi gule wobisa ulesi, ndipo makanema ambiri a nyimbo a masiku ano, amene chithunzi chisintha diso lisanakhazikike, agwa pa mfundo imeneyi.

Kanema amene apambana bwino mayeso athu ndi Singin' in the Rain wa 1952, amene anatsogolera Gene Kelly ndi Stanley Donen. Nyimbo zake zambiri zinali zakale, zopekedwa ndi Arthur Freed ndi Nacio Herb Brown zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo olemba anamanga nkhani yatsopano mozungulira nyimbozo, monga achitira gogo waluso amene atenga nyimbo yodziwika naiveka nthano yatsopano. Nkhani yake ndi ya nthawi imene kanema anayamba kulankhula. Mkazi wina wotchuka ali ndi nkhope yokongola koma mawu oipa, kotero kuti mtsikana wina, amene gawo lake anasewera Debbie Reynolds, aimba mobisika m'malo mwake. Potsiriza nsalu yotchinga ikwezedwa pamaso pa khamu, ndipo onse aona mwini mawu weniweni. Apatu nyimbo yachita ntchito ya kambalame ka m'nthano: yaulula wakuba, ndipo yabwezera mwini chake ulemu wake.

Koma pali chinthu chimodzi m'kanemayu chimene mphunzitsi ayenera kuchifotokoza. Gene Kelly atasiyana ndi mtsikana amene wamukonda, atseka ambulera yake navina m'mvula, akuponda m'zithaphwi ngati kamwana. Kwa anthu a m'mizinda ya ku America mvula ndi chosautsa, ndipo tanthauzo lake nlakuti chikondi chamuiwalitsa mavuto. Mwana wa mlimi wa ku Tsangano kapena ku Bwanje sadzaona choncho, pakuti kwa iye kuvina m'mvula si misala. Ndi zimene achita ana onse pamene chizimalupsa chagwa patatha miyezi ya dzuwa. Iye adzakondwa nacho chithunzicho, koma pa chifukwa china. Palibe wolakwa pakati pa awiriwa, ndipo kusiyana kumeneku ndi phunziro labwino lakuti chizindikiro chimodzi chisenza matanthauzo osiyana m'mayiko osiyana.

Stormy Weather wa 1943 ndi wa mtundu wina. Osewera ake anali anthu akuda: Lena Horne, Bill Robinson, Cab Calloway, Fats Waller, ndi abale awiri, Fayard ndi Harold Nicholas. Pa funso lathu loyamba kanemayu alephera, pakuti nkhani yake njopyapyala ngati ulusi, yongomangira nyimbo pamodzi. Mungathe kuchotsa nyimbo iliyonse nkhani osazindikira. Koma pa funso lachitatu palibe womuposa. Pamene abale a Nicholas atsika makwerero akulumphana pamutu, aliyense nagwa miyendo ili tang'a, nadzukanso osagwira pansi ndi manja, woonera aiwala kuti panali nkhani. Tiyenera kunena kuti uyu si nthano koma bwalo la gule, ndipo timuyese monga tiyesera bwalo. Kwa anthu akuda a ku Johannesburg, amene anazolowera kuona munthu wakuda m'kanema ali wantchito wa m'nyumba kapena wonyamula katundu, kuona anthu a khungu lawo atavala bwino ali eni bwalo chinali chinthu chachikulu ndithu.

Njala imeneyi ndiyo inabala African Jim, amene atchedwanso Jim Comes to Jo'burg, wa chaka cha 1949, wotsogoleredwa ndi Donald Swanson. Daniel Adnewmah ndiye Jim, mnyamata wochoka kumudzi kukafuna ntchito ku Joni. Atangofika aberedwa ndi atsotsi, avutika pa ntchito, kenaka apeza malo m'nyumba ya zisangalalo ya usiku m'mene Dolly Rathebe aimba, ndipo potsiriza mawu ake okoma amupatsa mwayi ndi chikondi. Nyimbo zake nzokoma, ndipo Dolly Rathebe, amene anamwalira m'chaka cha 2004, anatchuka nazo m'dziko lonselo. Koma pa funso lachiwiri kanemayu ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Anatuluka chaka chimodzi chipani cha National Party chitatenga boma ndi kuyamba kumanga tsankho la apartheid, komabe mdani wa Jim m'kanemamo ndi wakuba wakuda, osati lamulo la pasi. Joni amene amuna a ku Ntcheu anamudziwa anali wa mgodi wakuya, wa fumbi lodya mapapo, wa komboni yopanda akazi ndi ana. Anthu athu akumbukira chaka cha 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nafa anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, kotero kuti Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Nyimbo za Jim ziphimba dzenje m'malo moliulula, ndipo kumeneko ndi kutembenuza ntchito ya nyimbo ya m'nthano.

Kuti tione bwino kusiyana kwake, tiike pambali pake Come Back, Africa wa 1959. Ameneyu si kanema wa nyimbo kwenikweni, ngakhale Lionel Rogosin, pofuna kupusitsa akuluakulu a boma, anawauza kuti ali kujambula za nyimbo. Nkhani yake ifanana ndi ya Jim: Zachariah achoka kumudzi, agwira ntchito mumgodi, nayesa ntchito zina m'tauni. Koma iye amangidwa chifukwa cha pasi, ndipo potuluka apeza mkazi wake ataphedwa. Pakati pa zowawa izi, m'chipinda cha mowa ku Sophiatown, mudzi umene boma linayamba kuugwetsa m'chaka cha 1955, Miriam Makeba aimirira naimba nyimbo ziwiri. Nyimbozo zilemera chifukwa tidziwa chimene chili kunja kwa chitseko. Kanemayu anaoneka ku Venice chaka chomwecho, analetsedwa ku South Africa, ndipo Makeba sanabwerere kwawo kufikira 1990.

Pali kanema winanso wa Swanson amene atikhudza ife koposa, ndiye The Magic Garden wa 1951, nkhani yanthabwala ya ndalama zobedwa kutchalitchi zimene ziyenda m'manja ambiri ku Alexandra. M'menemo Willard Cele aliza chitoliro chachitsulo chotsika mtengo, ndipo kaimbidwe kameneko kanakula m'zaka zotsatira nikatchedwa kwela. Wophunzira chinenero azindikire kuti liwu limeneli ndi mbale wa liwu lathu lakuti kwera. Kaimbidweka katazirala kwawo ku South Africa, kanapeza mudzi ku Malawi m'manja mwa Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a kufupi ndi Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana nawo ku Blantyre m'chaka cha 1967. Iwo sanangotsanzira; anaimba m'chinenero chathu za moyo wa kwathu. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma wometa nako ndi mwini mudzi.

Tsono inu amene mukonzekera ntchito ya uphunzitsi, makanema ambiri mwa awa masiku ano apezeka pa intaneti, ndipo foni imodzi ikwanira kuonetsa kagulu ka ana chigawo chimodzi. Musawaonetse monga chopumira chabe Lachisanu masana, ndiponso musawakane monga zopanda pake za azungu. Aonetseni chigawo, kenaka muwafunse mafunso atatu aja, ndipo muwatume kwa agogo awo kuti akabwere ndi nthano ya nyimbo imene angailinganize ndi chimene aona. Mwana amene watha kunena chifukwa chake nyimbo ya Makeba ilemera kuposa ya Jim waphunzira kuweruza zolembedwa, ndipo waphunzira ndi muyeso wa kwawo. Wazindikiranso kuti nthano ya agogo ake si masewera a ana okha, popeza amisiri a ku Hollywood, ndi chuma chawo chonse, anali kulimbana ndi funso lomwelo limene wokamba nthano aliyankha pa moto madzulo: kodi munthu ayenera kuleka liti kulankhula ndi kuyamba kuimba?