Memole iti? Liwu limodzi lonyamula zida ziwiri

Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga, wa ku Manja, anandipempha kuti ndimuperekeze ku Limbe kukagula zida zoti alumikize yekha kompyuta ya patebulo. Akuphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo ndalama zake zinali za maganyu a miyezi ingapo. Ine za mawaya sindidziwa zambiri, ndinangopita ngati mboni. Titalowa m'sitolo ina, mnyamatayo anati akufuna memole yambiri. Wogulitsa anamuyang'ana n'kufunsa: "Memole iti achimwene, RAM kapena yosungira?" Anangoti kukamwa yasa.

Funso limeneli ndi limene landilembetsa lero, chifukwa si wogulitsa aliyense amene angalifunse.

Liwu loti memole linalowa m'Chichewa kudzera pa foni. Tinalidziwira pa kakhadi kaja timapita nako kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu, moti kwa ife memole ndi mosungira zinthu. Koma pa mndandanda wa zida za kompyuta, memory ya Chingerezi imatanthauza RAM, ndipo RAM sisunga kanthu. Imangogwirizira zimene makina akugwiritsa ntchito panthawiyo. Magetsi akangoti phethi, zonse zapita. Ife a ku Blantyre izi sitichita kuuzidwa. Chiwonongekereni malo opangira magetsi a Kapichira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndani sanatayepo ntchito yake pakompyuta magetsi atathima mwadzidzidzi? Chosunga zinthu ndi hard disk kapena SSD. Choncho munthu wofuna "memole yambiri" atha kubwerera kwawo ndi hard disk ya 1TB ndi RAM ya 4GB, n'kumadabwa kuti pulogalamu yojambulira mapulani ikukwawa ngati nkhono.

Anzathu ena okonda chiyankhulo amati mankhwala ake n'kusiya mawu obwereka, tipange athuathu. Apa ndiye ndimasiyana nawo. Ndaonapo memory itamasuliridwa kuti "chikumbukiro", ndipo penapake, mwachionekere womasulirayo atangotola liwu loyandikira, "chikumbumtima". Chachiwirichi ndiye nthabwala chabe: chikumbumtima ndi chija chimakutsutsa ukalakwa, ndipo kompyuta ilibe. Koma ngakhale "chikumbukiro" chikungokuza vuto lomwe lija. Chikulonjeza kukumbuka pa chida chimene ntchito yake ndi kuiwala. Tatenga fanizo losokoneza la Chingerezi n'kuliveka chitenje, basi.

N'chimodzimodzi ndi "ubongo wa kompyuta", dzina limene aphunzitsi ambiri amapatsa purosesa. M'kalasi ndi labwino ndithu. M'sitolo silithandiza, chifukwa funso la pakauntala si lakuti ubongowo ndi wanzeru bwanji, koma ngati ukwane pamalo pake. Purosesa ya AMD ya pa soketi ya AM4 singakhale pa motherboard ya Intel ya LGA 1700. RAM ya DDR4 silowa m'malo a DDR5, chifukwa kampata ka m'munsi mwake kali posiyana, ndipo soketi ya AM5, imene inatuluka mu 2022, imalandira DDR5 yokha. Amisiri a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner ali ndi Chichewa chawo cha zimenezi, chachidule komanso cholunjika: "siilowa", "sizigwirizana", "bodi siikuwerenga". Mneni woti kuwerenga pamenepa ndimamukonda. Palibe komiti imene inamusankha, koma aliyense amene foni yake inakanapo memole amamva msanga.

Tisawakweze kwambiri amisiriwa, nawonso ali ndi mlandu wawo. Kwa ambiri a iwo, CPU ndi bokosi lonse lija limakhala pansi pa tebulo, pomwe m'mabuku CPU ndi purosesa yokhayo, kachida kokwana m'chikhatho. Ukafunsa mtengo wa CPU amakuonetsa bokosi lathunthu, kawirikawiri lakale lochokera m'maofesi a kunja. Mabokosi ang'onoang'ono oterewa nthawi zambiri amakhala ndi power supply yamphamvu zochepa komanso yopangidwira bokosi lomwelo, moti ukadzafuna kuwonjezera graphics card umapeza kuti malo palibe, magetsi sakukwana. Wofuna kulumikiza yekha makina akasokoneza mawu awiriwa, wagula chinthu china.

(Za galamala, mongodutsa: RAM ndi SSD zakhazikika m'gulu la I-Zi, timati "RAM yake". Koma purosesa idakayendayenda. M'sitolo imodzi yomweyo ndinamva "purosesa yake" ndi "purosesa wake". Ophunzira ofuna mutu wa kafukufuku, nawu.)

Kubwereka mawu si kwachilendo kwa ife. Chichewa Board inayamba mu 1972, Centre for Language Studies ya ku Zomba inatenga malo ake mu 1996, koma zaka zonsezi wailesi yakhalabe wailesi, ndipo lamya yatsalira pa nkhani za pawailesipo pomwe m'minibasi aliyense akuti foni. Chimene ndikudandaula n'chakuti timakangana za komwe liwu lachokera, osafunsa tanthauzo limene lapeza litafika kuno. Memole ya Chichewa si memory ya Chingerezi. Ndi liwu lathu tsopano, lokhala ndi tanthauzo lakelake, ndipo wolemba malangizo a zogula m'Chichewa ayenera kulitenga choncho: memole isiyidwe kwa zosungira, RAM itchedwe RAM.

Pofotokozera mnyamata uja kusiyana kwake, ndinagwira za kumudzi. SSD ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Nkhokwe ingakule bwanji, chimene ukupeta nthawi imodzi ndi chokwana m'lichero, ndipo lichero likachepa umangokhalira kuyenda ulendo wa kunkhokwe. Sindikuti awa akhale mayina a zidazo. Munthu atalowa m'sitolo n'kufunsa lichero la 16GB angamuseke. Koma iye anamva, ndipo anasintha mndandanda wake pomwepo. Anasiya bokosi lamagetsi owalawala limene ankalisirira, n'kutenga RAM ya 16GB, SSD ya 512GB, ndi kachida koteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu.

Dzulo wandiimbira foni kuti makina akuyenda bwino. "Malume," akutero, "memole ija ndi yothamanga heve." Sindinamufunse kuti iti.