Mapasa Si Munthu Mmodzi

Pali ulesi wina umene wamera mizu pakati pa ife olemba ndi omasulira nkhani, ndipo lero ndati ndiudzudzule. Tikapeza mau awiri a Chingerezi amene m'Chichewa amagwera pa liu limodzi, timangoti zonse n'chimodzimodzi, basi tapita. Komatu abale, mapasa angafanane chotani, aliyense ali ndi dzina lake.

Tiyambe ndi zopepuka. Mnyamata woperekera zakudya m'mahotela a ku Makokola akauza mlendo kuti lero "sea" yakalipa, mlendoyo amamwetulira. Mnyamatayo sanapenge ai. Kwathu kuno nyanja ndi nyanja basi, kaya ya Malawi, ya Malombe, ngakhale yamchere ya ku Beira. Mngerezi ndiye amasiyanitsa: "lake" ndi madzi ozunguliridwa ndi mtunda, pamene "sea" ndi chinyanja chamchere chija. Naye mzungu adapunthwapo pa mau athu. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 adamva anthu akuti nyasa, liu lotanthauza nyanja iliyonse, iye nkulemba kuti "Lake Nyassa". Ndiye kuti Nyanja Nyanja!

Nanga "borrow" ndi "lend"? Ife timati "ndabwereka ukonde", tikatero nkutinso "mundibwereke ukonde", liu lomwelo kutumikira wotenga ndi wopereka yemwe. N'chifukwa chake mwana wa sukulu amalemba "borrow me", malikisi nkumuthawa pa mayeso a MSCE. Koma taganizani kalata ya pangano pakati pa msodzi ndi mwini boti. Mlembi akaika "borrow" pofunika "lend", wangongole wasanduka mwini ndalama. Apa si za galamala chabe, ndi za mlandu wa kukhoti.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani yanga. Taonani mau awa: "convict" ndi "detainee". Woyambayo ndi munthu amene bwalo la milandu lamuzenga nkumupeza wolakwa. Wachiwiriyo ndi amene akungosungidwa, chigamulo palibe. Nanga ife m'Chichewa timawatchula chiyani? Onse akaidi. Jack Mapanje, mlakatuli ndi katswiri wa zinenero wochokera m'boma lomwelino la Mangochi, adatengedwa mu Seputembala 1987 nkukatsekeredwa ku Mikuyu kufikira Meyi 1991. Sadauzidwe mlandu, sadaimepo pamaso pa woweruza. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi lamulo linkalola zoterezi, ndipo amene adaziona ngambiri. Womasulira akangolemba kuti "Mapanje adali mkaidi", wowerenga amene adabadwa itapita referendamu ya 1993 adzafunsa kuti, "Kodi adaba chiyani?" Mwa ulesi wathu tampatsa munthu mlandu umene ngakhale boma lomumangalo silidamupatse.

Ena anena kuti Chichewa n'chosauka mau. Ine ndikukana. Pitani pa doko m'mawa mukamve asodzi. Pamene Mngerezi angoti "wind" nkumaonjezera za kumene ikuchokera, iwo ali ndi mwera, mpoto ndi vuma, ndipo amadziwa kuti mwera ukauka bwato silipita pakati. Chinenero chilichonse chimadula mau mosamala pamene eni ake aona kuti pali moyo. Chosauka si Chichewa, koma khama lathu.

Pempho langa kwa aphunzitsi nlakuti asamangokhwatcha "borrow me" ndi inki yofiira. Amuonetse mwana kumene kwachokera cholakwacho, kuti Chichewa chake chili ndi njira yakeyake. Kwa anzanga olemba ndikuti, liu limodzi likaperewera, onjezerani ena. Kulemba kuti "adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu" kumadya malo pa tsamba, inde, koma n'zoona. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Tidekhe pa mau, pakuti mbiri ya anthu ili m'zolembera zathu.