Nkhope ndi Mau m'Zithunzi za Dawoud Bey

Munthu akafika pa sukulu yacilendo, dzina lace lilembedwa m'buku tsiku lomwelo, koma mtima wace ucedwa kufika. Ena amatsiriza maphunziro ao onse ali alendo pakati pa anzao. Imeneyi ndiyo nkhani imene Dawoud Bey, wojambula wa ku America wobadwira ku New York mu 1953, anaisanthula m'buku lace lochedwa Class Pictures, losindikizidwa mu 2007.

Kacitidwe kace kanali kotere. Bey anali kukhala milungu 2 kapena 3 pa sukulu imodzi, m'mizinda monga Detroit, Orlando ndi San Francisco. Wophunzira ali yense anayamba walemba mau owerengeka onena za moyo wace, ndipo pambuyo pace anajambulidwa m'cipinda cophunziriramo, zonsezi m'mphindi 45. M'bukumo cithunzi ndi mau a mwini wace zaikidwa pamodzi.

Ubwino wa nchitoyi uli pa kusiyana kwa ziwirizi. Wowerenga ayamba waweruza nkhope, monga anthu onse acitira, nati uyu ndi wamwano, uyo ndi wamanyazi. Tsono akawerenga mau, apeza mwana wodera nkhawa makolo ace kapena wolakalaka zinthu zazikuru, ndipo acita manyazi ndi ciweruzo cace. Bey sakakamiza ana kumwetulira. Awakhazika phee, ciyang'anire amene awaona, ndipo awapatsa ulemu umene kale unali wa mafumu ndi eni cuma okha. Apa mwambi wakuti kuona maso a nkhono nkudekha ukwaniradi.

Koma bukuli liri ndi cilema cace. Mwana ali yense ali yekha pa tsamba lace. Wowerenga adziwa za mumtima mwace, koma saona amene adya naye kapena amene amkana pa masewera, pamene ubale umadziwika ndi zimenezo. Kapena Bey anaciona yekha cimeneci, pakuti mu 2010, pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, anajambula anthu awiri awiri osadziwana, ophunzira, aphunzitsi ndi anchito, atakhala mogundizana.

Ngakhale pamenepo funso litsala. Kukhala pa mpando umodzi kanthawi kocepa sikupanga cibale, ndipo akuru a sukulu angathe kupacika zithunzi zotere pa khoma ndi kunena kuti ana ao onse ndi amodzi, pamene ena alikudyabe okha. Cithunzi cingosonyeza mlendo. Kumlandira ndi nchito ya eni mudzi.

Amene atsiriza sukulu tsopano adzakhala alendo ku koleji, ku migodi ndi m'maofesi. Bukuli liwaphunzitsa cinthu cimodzi cokhalitsa: asanaweruze mnzao ndi maso, ayambe amfunsa kumene acokera, namvere yankho lace kufikira atatha.