Mizukwa ya ku Hong Kong Imafuna Kupita Kwawo

Filimu ya Mr. Vampire ndinaionera koyamba m'kanyumba ka vidiyo kuno ku Kalingalinga, titapanikizana pa benchi, zenera atatseka ndi chiguduli. Chinenero chake palibe ankachimva, ndipo mawu a Chingerezi a m'munsi ankathamanga kuposa maso athu. Komabe tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Potuluka, ana tonse tinkadumpha m'fumbi manja titawongola kutsogolo ngati mitembo ija.

Filimuyi ndi ya mu 1985, anaitsogolera Ricky Lau, ndipo Lam Ching-ying ndiye sing'anga wa chipembedzo cha Tao. Malamulo ake ndi osavuta: mtembo wodumpha ukaumata kapepala kachikasu pamphumi umaima chilili, ukasiya kupuma sukupeza, ndipo wovulazidwa nawo amachira ndi mpunga womata. Wophunzira wa sing'anga atatumidwa kukagula mpungawo, mwini sitolo amausakaniza ndi mpunga wamba kuti apindule, basi wodwala n'kuyamba kusanduka. Aliyense amene anagulapo pamela wopereŵera pa kantemba amaimva nthabwala imeneyi popanda womasulira.

Mwezi watha ndinaoneranso A Chinese Ghost Story ya mu 1987 pa foni, ndipo ulendo uno sindinaseke kwambiri. Ching Siu-tung anaitenga pa nthano ya Pu Songling, mlembi wa m'zaka za m'ma 1600. Leslie Cheung ndi Ning, kamnyamata kotolera ngongole komwe buku lake lanyowa ndi mvula, inki yonse n'kufufutika. Posowa ndalama ya pogona, amakagona m'kachisi wa bwinja, komwe amakondana ndi Siu-sin (Joey Wong) osadziwa kuti ndi mzukwa. Mtsikanayo ndi kapolo wa chiwanda cha mumtengo chifukwa phulusa lake linakwiriridwa pansi pa mtengowo. Chachikulu chimene amapempha kwa Ning ndi chakuti afukule mtsuko wa phulusalo akauike kwawo.

Apa ndi pomwe mafilimuwa amasiyana ndi ambiri a ku Nigeria omwe anadzalanda mabenchi athu pambuyo pake. Mmenemo mzimu nthawi zambiri ndi mdani, ndipo nkhani imatha abusa akaufuulira. Ku Hong Kong wakufa ndi munthu amene amoyo anamulakwira pa mwambo. Ngakhale mtembo wa mu Mr. Vampire umavuta chifukwa unaikidwa molakwika. N'chifukwa chake nthabwala sizionongamo kanthu. Ifenso pa maliro, adzukulu amaseleula mkati mwa kulira, ndipo palibe amene amati anyoza malemu.

Zolakwika zilimo, tisabise. Nkhondo ya kumidima kumapeto kwa A Chinese Ghost Story ndi yaitali mopyola, lilime la chiwanda chija likuonekeratu kuti ndi labala, ndipo Siu-sin, ngakhale amauluka, amangodikira kuti amuna amupulumutse. Mzukwa wachikazi wa mu Mr. Vampire nawo ntchito yake ndi kukopa mnyamata, kenako n'kupirikitsidwa.

Koma pempho la mtsuko lija lakhala likundisowetsa tulo. Agogo anga aakazi anakhala mu komboni muno zaka zambiri, ndipo ankanena mobwereza kuti akadzamwalira tikawaike ku Katete, pafupi ndi amayi awo. Tsiku litafika tinaŵerenga ndalama ya galimoto, tinayang'anizana, n'kuwaika ku Leopards Hill. Amalume anati akufa sadandaula, tonse tinavomera msanga.

Ning alibe ngakhale ngwee, komabe mtsukowo amaunyamula. M'bandakucha womaliza, dzuŵa likuloŵa m'chipinda, iye amatchinga zenera ndi thupi lake kuti kuwala kusamuononge Siu-sin, motero sangathe kucheuka kuti amuone akupita. Pamenepo ndinaimitsa filimu, n'kuimbira foni amalume kuwafunsa ngati pa manda a agogo tinaikapo kale mwala. Anati ayi.